Msewu wodutsa m'mapiri udzere pati? Kuyerekeza njira zisanu

Boma likalengeza kuti dera lakuti lilandira msewu wa tara, timathamangira kufunsa tsiku loyamba ntchito ndi dzina la kontilakita. Funso lakuti msewuwo udzera pati limabwera mochedwa, zikhomo zitakhomedwa kale m'minda. Chonsecho mzere umene mainjiniya amajambula pamapu ndiwo umagamula ndalama zomangira, midzi yopindula, nyumba ndi manda osamutsidwa, ndiponso ngati msewuwo udzakhale ukuyendeka patapita zaka 20.

Ndalemba izi poganizira makhansala, mafumu, mamembala a makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC, alimi ndi eni magalimoto a m'madera ngati Neno, Tsangano, Thekerani, Nthalire ndi Misuku, amene amaitanidwa kumisonkhano n'kukaonetsedwa mapu a mizere yofiira ndi yobiriwira. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu chonchi iyambe yaunikidwa momwe ikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo bungwe loona za chilengedwe la MEPA ndilo limavomereza lipoti lake. Mpata wanu wolankhula uli pamenepo. Mbali yanga ndinena poyera: kumapiri chimene chimapha msewu ndi madzi, choncho njira yabwino ndi imene tingathe kuisamalira chaka ndi chaka ndi ndalama zomwe tili nazo.

Miyeso yoti muyezere

*Mtengo.* Musakhutire ndi mtengo wa pa kilomita. Kumapiri ndalama zambiri zimathera pa zomwe wodutsa pagalimoto saziona: kugumula ndi kusuntha dothi, kuphwanya thanthwe, zipupa zotchinga nthaka, makalavati ndi milatho. Phula lakudalo ndi kagawo chabe. Pali masamu awiri osavuta oti muzipita nawo kumsonkhano. Oyamba ndi a chitunda. Msewu woti ukwere mamita 700, ngati ukukwera mamita 6 pa mamita 100 alionse, uyenera kutalika pafupifupi makilomita 12. Mukaufupikitsa kufika pa makilomita 7, ndiye kuti ukukwera mamita 10 pa 100 alionse, pomwe thiraki yodzaza feteleza imakwera mokwawa, potsika mabuleki n'kupsa. Achiwiri ndi a malo. Msewu waukulu, wa chilembo M, umatenga mamita 60 m'lifupi, 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, pomwe wa chilembo S umatenga mamita 36. Kilomita imodzi ya msewu waukulu ndi mahekitala 6. Mukazungulira phiri ndi makilomita 10 owonjezera, mwatenga mahekitala 60 a malo a anthu ofunika chipukuta misozi.

*Kupezeka kwa zipangizo ndi anthu odziwa ntchito.* Miyala ya kwale, mchenga ndi anthu ogwira ntchito tili nazo. Simenti imapangidwa konkuno, ku Kasungu, ku Mangochi ndi ku Blantyre. Phula, dizilo, zitsulo ndi masipeya a makina zimachokera kunja ndipo zimafuna madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya makontilakiti omwe anali atasainidwa kale inasokonekera. Njira yodalira kwambiri katundu wakunja ndiyo imayamba kuima ndalama yakunja ikasowa.

*Kusamalira.* Kuyambira pa malamulo a 2006, bungwe la Roads Authority ndilo limayang'anira kumanga ndi kukonza misewu ikuluikulu, pomwe la Roads Fund Administration limasunga thumba la ndalama zochokera ku msonkho wapamafuta ndi ku zipata zolipirira za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Opereka ngongole amakonda kulipira msewu watsopano. Kugwebula ngalande ndi kumata maenje zimatsalira thumba limeneli, lomwe likulimbirana ndi misewu ya dziko lonse.

*Zoopsa.* Napolo si nthano kwa munthu wa ku Zomba wokumbukira za 1946, wa ku Phalombe amene anaona phiri la Michesi likutsika ndi miyala mu 1991, kapena wa ku Chilobwe, Chiradzulu ndi Mulanje amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu March 2023. Onjezanipo kusefukira kwa mitsinje, ngozi zapamsewu ndi kuwonongeka kwa nkhalango.

Musanayambe kuyeza ndi miyeso inayiyi, funsani mainjiniya kuti anawerenga magalimoto angati patsiku, ndipo mwa amenewo mathiraki olemera ndi angati. Msewu wonyamula mafuta a dziko lonse ndi msewu wotulutsa kachewere wa ku Tsangano ndi nkhani ziwiri zosiyana, ngakhale phiri litakhala lomwelo.

Njira yoyamba: kutsata msewu wakale, kuukulitsa ndi kuuthira tara

Misewu yambiri ya m'mapiri mwathu inayamba ngati tinjira ta miyendo kapena ta ngolo, kenaka n'kulimidwa ndi makasu. Wotchuka ndi wa Gorodi, wokwera kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia ndi makona akuthwa 20, umene a mishoni anaulambula m'masiku a Robert Laws. Chitunda cha Chiweta, cha Khwekhwelere chotsikira ku Golomoti, ndi chotsikira ku Thabwa popita ku Chikwawa, zonsezi zimakwera mokhotakhota pankhope ya phiri.

*Mtengo.* Papepala njirayi ndiyo imaoneka yotchipa, chifukwa mzere ulipo kale ndipo malo ambiri ndi a msewu. Koma kukulitsa msewu wa pambali pa phiri ndi mita imodzi yokha kumafuna kudula khoma lalitali kumtunda kapena kumanga chipupa kumunsi, ndipo apa mpamene mabajeti amaphulikira. Kumbukiraninso kuti misika, magolosale ndi matchalitchi anamera m'mphepete mwa msewu wakalewo, ena mpaka m'kati mwa malire ake. Chipukuta misozi cha nyumba za njerwa zootcha chimaposa cha munda wa chimanga.

*Kupezeka.* Makontilakita a m'dziko muno ntchito imeneyi amaitha. Makina amafika mosavuta popeza njira ilipo. Chovuta n'chakuti pachitunda palibe popatukira, ndiye magalimoto amadikira maola pomwe makina akugwira ntchito.

*Kusamalira.* Apa m'pamene pali ntchito. Pakona yakuthwa matayala a thiraki amapotokola phula mpaka limakwinyika. Ngalande ya kumtunda imalandira madzi onse a phiri pamodzi ndi dothi la m'minda. Kayang'aneni kalavati wa pachitunda mvula yoyamba itangogwa: pakamwa pake pamakhala mapesi, mabotolo a pulasitiki, nthambi ndi mchenga wofika m'mawondo. Madzi akasowa polowera amadumpha msewu n'kukagwera kumunsi, kumene amayamba kudya mphepete mwa tara pang'onopang'ono. Pofika February theka la msewu lalendewera. Ntchito yoletsa zimenezi ndi ya anthu ochepa okhala ndi mafosholo ndi wilibala mu October, koma ndi ntchito yomwe imayamba kudulidwa ndalama zikachepa chifukwa palibe amene amadzadula riboni pa kalavati wogwebulidwa.

*Zoopsa.* Tara amawonjezera liwiro, koma makona ndi kutsetsereka zimatsala momwe zinalili. Amene anatsikapo Chiweta kumbuyo kwa thankala amalidziwa fungo la mabuleki akupsa, ndiponso mzere wa maminibasi osapirira amene amafuna kupitirira pakona posaoneka kutsogolo. Ngati mwasankha njira iyi, limbikirani kuti pakhale mzere wachitatu wokwerera mathiraki, zitsulo zotchinga kuphompho, ndi kanjira kamchenga kothawirako galimoto yoduka mabuleki. Zikasowa mu pulani yoyamba, musayembekezere kuti zidzawonjezedwa.

Njira yachiwiri: kulizungulira phiri, kudzera m'chigwa

*Mtengo.* Kilomita iliyonse imatsika mtengo chifukwa kudula dothi n'kochepa, koma makilomita amachuluka, ndipo mtsinje uliwonse wotsika m'phiri muyenera kuudumpha kumunsi komwe wakula. Milatho imatha kudya ndalama zonse zomwe munapulumutsa pothawa chitunda. M'chigwa ndimonso muli madimba, minda ya mpunga ndi midzi yothithikana, ndiye chipukuta misozi chimakwera.

*Kupezeka.* Madzi omangira ndi mchenga zili pafupi. Miyala yabwino imatha kukhala kutali, ndipo dothi lokwezera msewu limafunika lambiri. Kumene kuli makande, dothi lija limatupa likanyowa n'kung'aluka likauma, liyenera kuchotsedwa kapena kukwiriridwa ndi dothi lina lochokera kwina, apo ayi tara amang'ambika m'litali chaka chachiwiri.

*Kusamalira.* Chaka chabwinobwino ntchito ndi yochepa poyerekeza ndi ya pachitunda. Vuto limabwera kamodzi, koma limabwera lalikulu.

*Zoopsa.* Msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja ndiwo mphunzitsi wathu. Umathawa mapiri, koma umadutsa kumapazi kwake, komwe mitsinje ngati Bua, Dwangwa ndi Dwambazi imafika ndi mphamvu zake zonse, ndipo madera a Nkhotakota akhala akudukidwa nthawi ya dzinja. Ku Chigwa cha Shire nkhani ndi yomweyo. Madzi a 2015 anasintha njira ya mtsinje wa Ruo kufupi ndi Makhanga, ndipo mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza unawonongeka ndi madzi patangopita zaka zochepa utamangidwa. Mtsinje wa m'chigwa ukhoza kuusiya mlatho uli chiimire n'kukadzitsegulira njira pambali. Choncho funsani kuti milathoyo aiyeza ndi madzi a chaka chiti. Ngati masamu ake ndi a mvula ya kale, ya anamondwe Ana ndi Freddy isanabwere, auzeni awerengenso. Funsaninso akuluakulu a m'mudzi pomwe madzi anafika chaka choipitsitsa chimene akukumbukira, ndipo kaonetseni mainjiniya mtengo kapena chulu chimene anenacho.

Ubwino wake tisaubise. Msewu wa m'chigwa umadutsa komwe kuli anthu, sukulu ndi zipatala, mathiraki amamwa mafuta ochepa, ndipo wakabaza amatha kupalasa ndi katundu.

Njira yachitatu: kuyenda pamsana pa mapiri

Iyi ndi njira imene ine ndimaona kuti siipatsidwa ulemu wokwanira. Chitsanzo chake ambiri tinachidutsapo osachizindikira. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo malirewo amatsata msana wogawa madzi: a mbali ino amatsikira ku nyanja ndi ku Shire, a mbali inayo amalowera ku Zambezi. Pa Lizulu mumagula kabichi ku Malawi n'kuwoloka msewu kukagula zakumwa ku Mozambique. Mukadzadutsanso, werengani milatho ikuluikulu pachigawo chimenechi. Mudzaisowa, chifukwa pamsana mitsinje imakhala isanabadwe.

*Mtengo.* Milatho yochepa, makalavati aang'ono, midzi yosamutsa yochepa. Ndalama zimapita ku thanthwe, lomwe pamwamba pa phiri limakhala pafupi ndipo limafuna kuphulitsa. Msana nawonso suyenda mowongoka, umakwera ndi kutsika. Ndipo malo okwerera pamsanapo ndi otsikirapo amakhalabe zitunda, choncho yang'anitsitsani nsonga ziwirizo, pakuti mtengo ndi ngozi zimaunjikana kumeneko.

*Kupezeka.* Kwale amapezeka pafupi, nthawi zina kuchokera m'thanthwe lomwe mwaphwanyalo. Madzi ndiwo amavuta. Kutsendera dothi la msewu kumafuna madzi ambiri, ndipo mabawuza amayenera kutsika kukatunga kumunsi, mwina pamtsinje womwewo umene amayi amatungapo m'chilimwe. Nkhani imeneyi muikambirane ntchito isanayambe.

*Kusamalira.* Mwa njira zonse zothira tara, iyi ndiyo yopepuka. Msewu umangolimbana ndi mvula yogwera pa iwo wokha, popanda madzi a phiri lonse kuutsikira. Koma madzi ochoka mu ngalande zake amagwera m'minda ya kumunsi, ndipo akangotayidwa pamalo amodzi popanda miyala yowaphwanya mphamvu ndi udzu wa vetiva, m'zaka zochepa pamakhala chigwembe chomeza munda wa munthu. Mwini munda ameneyo sakhala pa mndandanda wa chipukuta misozi, chifukwa msewu sunadutse pake.

*Zoopsa.* Chifunga. Woyendetsa galimoto aliyense wodutsa ku Chikangawa m'mawa wa mu June amachidziwa. Chachiwiri, pamwamba pa mapiri m'pamene patsala nkhalango ndi magwero a mitsinje, ndipo msewu wabwino umafupikitsa ulendo wa thumba la makala ndi matabwa. Msewu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa uli ndi funso limeneli: anthu a ku Hewe ndi ku Nthalire akufunika njira yodalirika, koma mbali ina ya njirayo imadutsa m'nkhalango ya Nyika, malo osungirako nyama aakulu kuposa onse m'dziko muno. Chachitatu, anthu ambiri amakhala kumunsi. Popanda timisewu tolumikiza midzi ndi msewu waukuluwo, mayi wodwala adzanyamulidwabe pamachira kukwera phiri, magalimoto akungodutsa pamwamba. Mtengo wa timisewu timeneti ulowe mu bajeti yomweyo.

Njira yachinayi: kuboola phiri ndi kudumpha zigwa ndi milatho italiitali

Pamisonkhano sipalephera munthu wofunsa kuti bwanji osangoboola ngati kunja. Funsoli ndi labwino ndipo lili ndi yankho.

*Mtengo.* Palibe njira yodula kuposa iyi, ndipo mtengo wake weniweni umadziwika mutalowa kale m'thanthwe n'kukumana ndi madzi kapena mwala wofumbutuka. Ku South Africa, mphanga ya Huguenot pa msewu wa N1 kufupi ndi Paarl inatsegulidwa mu 1988. Ndi yotalika makilomita 3.9 ndipo inafupikitsa ulendo ndi makilomita 11 poyerekeza ndi chitunda chakale cha Du Toitskloof. Imalipiritsa, ndipo imadutsitsa magalimoto masauzande ambiri patsiku pakati pa Cape Town ndi kumtunda. Kuchuluka kwa magalimotoko ndiko kumabweza ndalama. Kwathu kuno chofanana nacho ndi njanji ya malasha yochokera ku Moatize, yodutsa ku Mwanza ndi ku Neno kukalumikizana ndi njanji yakale pa Nkaya. Sitima siikwera chitunda, ndiye kampani ya Vale inalipira kudula mapiri ndi kumanga milatho italiitali, podziwa kuti malasha opita kudoko la Nacala adzabweza. Manachesi a ku Mwanza ndi tirigu wa ku Neno sangabweze ndalama zoterozo.

*Kupezeka.* Mphanga zoboola thanthwe tili nazo zodutsa madzi kumalo opangira magetsi pa Shire, monga ku Tedzani, koma akatswiri, makina ndi ngongole ya ntchito yotere zonse ndi zakunja.

*Kusamalira.* Mphanga yaitali imafuna magetsi usana ndi usiku oyendetsera nyali, zokupizira utsi ndi mapampu, kuphatikizapo gulu lozimitsa moto lokhala pompo. Tikumbuke kuti namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka.

*Zoopsa.* Moto wa m'mphanga ya Mont Blanc pakati pa France ndi Italy unapha anthu 39 mu 1999, ndipo unayambira pa thiraki imodzi. N'chifukwa chake mphanga zambiri zimaletsa kapena kuchepetsa katundu woyaka, kutanthauza kuti mathankala athu akanadzerabe pachitunda chakale, n'kukhala ndi misewu iwiri yoisamalira. Tilinso m'dera la zivomezi, monga anaonera anthu a ku Salima mu 1989 ndi a ku Karonga mu December 2009.

Kachidutswa ka njirayi n'kothandiza ndithu. Kudula kamsana kamodzi mozama, kapena kumanga mlatho umodzi wautali pamalo pomwe ukuchotsa makona asanu oopsa, kukhoza kukhala ndalama yogwiritsidwa bwino kuposa ina iliyonse pamsewu wonsewo. Khoma lodulidwalo likhale lopendekeka, la masitepe, lokhala ndi ngalande pamwamba pake. Loimirira chilili limagwa ndi mvula yoyamba yamphamvu.

Njira yachisanu: kuyamba ndi malo ovuta, tara wopepuka pambuyo

Andale saikonda chifukwa siimveka bwino pamsonkhano. Koma taganizirani chimene chimatseka msewu wafumbi wa kumapiri m'dzinja. Si msewu wonse ayi. Ndi chitunda chakuti choterera, dambo lakuti lomira, ndi kamtsinje kakuti kopanda mlatho. Ambulansi yochokera ku Dambe kupita pa Neno imatitimira pamalo odziwika, omwe mwana aliyense wa m'deralo angakulozereni. Njirayi imati: konzani mzere wabwino wa msewu wonse lero, tetezani malire ake, mangani milatho ndi makalavati a muyezo wa msewu waukulu, thirani konkire pazitunda, kenaka phimbani zigawo zotsalazo ndi tara wopyapyala woyenera magalimoto ochepa.

*Mtengo.* Wotsika kwambiri poyamba, ndipo umagawika m'zaka. Tara wopyapyalayu ali m'mitundu ingapo. Wina, wotchedwa Otta, anayambira ku Norway m'zaka za m'ma 1960 ndipo wagwira ntchito nthawi yaitali ku Botswana. Amalola kugwiritsa ntchito miyala yopezeka pafupi mmalo mwa kwale wosefedwa bwino wochokera kutali.

*Kupezeka.* Apa ndiye pagona mphamvu yake. Konkire ndi simenti yathu, miyala yathu ndi manja athu. Mabokosi a waya odzaza miyala, ngalande zowaka ndi kubzala vetiva ndi ntchito zomwe amisiri a m'deralo angaphunzire, ndipo ndalama ya malipiro imatsala m'mudzi. Makontilakita aang'ono amapeza gawo.

*Kusamalira.* Konkire wothiridwa bwino pachitunda amakhala zaka zambiri osafuna kanthu, ndipo saopa dizilo wodontha m'mathiraki. Tara wopyapyala amafuna kumuthiranso pamwamba pakapita zaka zingapo, asanayambe kung'aluka. Mukadumphitsa nthawi imeneyo mumabwerera ku fumbi. Zigawo zomwe zatsala zafumbi zimafunabe giledala ndi dothi latsopano, ndipo pamalo otsetsereka dothilo limakokoloka msanga.

*Zoopsa.* Ziwiri. Msewu ukangoyamba kuyendeka, mathiraki olemera a matabwa, malasha kapena miyala amautulukira, makamaka ngati ukuwathandiza kuzemba sikelo ya pamsewu waukulu. Tara wopyapyala sapirira katundu wopyola muyezo. Choopsa chachiwiri tonse tikuchidziwa: "gawo loyamba" limathera pa makilomita ochepa kuchokera pamphambano, pamalo osavuta, zitunda zenizeni zili chikhalire. Anthu a ku Chitipa anadikira zaka makumi angapo msewu wa makilomita 101 wochokera ku Karonga usanamalizidwe ndi thandizo la China, Malawi atakhazikitsa ubale ndi dzikolo kumapeto kwa 2007, ndipo boma la Neno lakhala nthawi yaitali likumva malonjezo a tara. Mankhwala ake ndi kulemba mu mgwirizano kuti ntchito iyambire pamalo ovutawo, ngakhale ali pakati pa tchire pomwe alendo olemekezeka safika.

Njira iti, pamalo ati

Ngati msewu ndi wa dziko lonse, wonyamula mafuta, feteleza ndi katundu wa kumadoko monga M1 pa Chiweta, tara wopyapyala muiwaleni. Tsatani msewu wakale pomwe kutsetsereka kwake n'kopiririka, ndipo ndalama zazikulu muziike pa kuwongola makona oipitsitsa ndi kudula kozama kapena mlatho umodzi, mzere wokwerera mathiraki ndi pothawira oduka mabuleki.

Ngati cholinga ndi kutulutsa mbewu ndi kufikitsa odwala kuchipatala m'dera la magalimoto ochepa, monga Misuku ndi khofi wake kapena Thekerani ndi nthochi zake, njira yachisanu ndiyo ikupatsani msewu woyendeka chaka chonse mwachangu. Onetsetsani kuti milatho ndi malire a msewu ndi a muyezo waukulu, kuti magalimoto akadzachuluka mudzangowonjezera phula osagumula kanthu.

Kumene kuli msana wautali wolowera komwe mukufuna kupita, monga mapiri a Kirk pakati pa Tsangano ndi Neno, uuzeni mainjiniya auyeze mofatsa ngakhale utatalikirapo, ndipo timisewu totsikira kumidzi tiwerengedwe pamodzi nawo. Msanawo ukakhala m'nkhalango yotetezedwa, pakhale chipata, malire a liwiro ndi mgwirizano ndi oyang'anira nkhalango ntchito isanayambe.

Chigwa chisankheni pokhapokha anthu ambiri ali kumeneko ndipo pali kamtunda kouma pakati pa phazi la phiri ndi dambo, komwe msewu ungayende pamwamba pa malire a madzi osefukira. Kumene mitsinje imasintha njira, monga kumunsi kwa Ruo, msewu ukwere m'mbali mwa phiri ngakhale zitadula.

Kumapiri amene anagumukapo kale, ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Zomba, musavomere mzere uliwonse akatswiri a nthaka asanayende pansi n'kulemba mikwasa ya napolo wakale. Miyala ikuluikulu yobulungira yomwe yamwazikana m'minda kumunsi kwa khwawa inafika pamenepo ndi madzi, ndipo msewu uyenera kudumpha khwawa loterolo ndi mlatho wotakasuka kapena kulipatuka.

Mphanga yaitali isiyireni malo omwe pali mgodi kapena katundu wochuluka woti alipire yekha, mwini katunduyo atasaina kuti kumanga ndi kusamalira ndi zake.